Wotchi Yoyatsira Wailesi Yakanema: Zimene Tinaphunzira Poipanga

Mawu amene mkulu wofalitsa nkhani ku khonsolo anayankhula pa msonkhano wa chitukuko wa m'wodi, tsiku limene achinyamata ankaonetsa ntchito za manja awo.

 

Kawirikawiri ndikaima pamaso panu ndimakhala nditasenza uthenga wa khonsolo, kaya wa msonkho wa pamsika, kaya wa mlatho umene wachedwa kutha, kaya wa tsiku la katemera. Lero andipempha kuti ndiyankhulepo za achinyamata ndi luso lamakono, ndipo ndaona kuti m'malo mokuwerengerani ndondomeko zolembedwa m'mabuku a ku ofesi, ndikufotokozereni za kanthu kamodzi kamene tinapanga kunyumba kwathu. Kanthuko ndi wotchi imene ndagwira m'manjayi. Mwini wake ndi bambo anga. Ndabwereka m'mawa uno, ndipo andilamula kuti ikhale itabwerera nkhani za madzulo zisanayambe. Wotchiyi ili ndi pulogalamu imene imayatsa wailesi yakanema, kusintha tchanelo ndiponso kukweza kapena kutsitsa mawu.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kufunsa mumtima kuti: anthu akusowa mjigo, msewu wakumbika, ndiye mwana wa ku khonsoloyu akudzatiuza za wotchi yoyatsira kanema? Funso limenelo ndi loyenera, ndipo ndiliyankha ndisanakhale pansi. Ndiloleni ndiyambe ndi mmene zinakhalira.

Zaka ziwiri zapitazo bambo anga anadwala sitiroko. Mulungu anatichitira chifundo, anachira, koma dzanja lawo lamanja linafooka ndipo zala zake sizigwira chinthu molimba. Iwo ndi munthu amene tsiku silitha bwino asanamve nkhani za m'dziko muno. Kunyumba kuli marimoti awiri, ya TV ndi ya dikoda, ndipo iliyonse ili ndi timabatani tambirimbiri tothithikana. Kuti munthu agwiritse ntchito rimoti amayenera kuigwira, kuilozetsa bwino, kenako n'kudina batani loyenera, zonsezi ndi dzanja limodzi. Dzanja lamanzere la bambo silinazolowere ntchito yotere. Rimoti inkagwa n'kulowa pansi pa mpando, ndipo ankayenera kuitana mdzukulu kuti adzawatolere. Mayi anaimangirira ndi chingwe ku mpando, ndipo vuto la kugwa linathadi, koma la kulozetsa ndi kudina timabatani linatsala.

Tsiku lina madzulo ndinawapeza atakhala chete, akuyang'ana TV yosayatsa. Nditawafunsa chifukwa chimene sanaitanire mwana, anandiyankha kuti, "Mwana wanga, ndatopa kuitana adzukulu pa kanthu kalikonse ngati ndine khanda." Mawu amenewo anandilasa mtima. Ndinazindikira kuti chimene chinkawapweteka kwenikweni chinali kupempha thandizo pa chinthu chimene moyo wawo wonse ankachita okha.

Nzeru inachokera kwa mwana wa achemwali anga, mtsikana amene panthawiyo anali atangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo ankaphunzira payekha kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta. Ine ndinali ndi wotchi yamakono yogula yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mtundu umene umayendera Wear OS, pulogalamu yaikulu ya kampani ya Google yoyendetsera mawotchi. Mtsikanayo anati, "Amalume, wotchi yanu ija imalola kuikamo mapulogalamu. Bwanji tiwapangire agogo rimoti ya pamkono, imene singagwe ndiponso yosafuna kulozetsa?" Ndinavomera, ngakhale kuti tonse awiri sitinkadziwa poyambira.

Tisanagwire chipangizo chilichonse tinayenera kudziwa kaye mmene rimoti imayankhulira ndi TV. Mukaona kutsogolo kwa rimoti mupeza kababu kakang'ono. Kababu kameneko kamatulutsa kuwala kotchedwa infrared, kumene diso la munthu silikuona. Mukafika kunyumba kayeseni izi: tsegulani kamera ya foni, ilozetseni ku kababuko, kenako dinani batani lililonse. Pa mafoni ambiri mudzaona kakuwala kotuwa mofiirira kakuphethira. Imeneyi ndi njira yachidule yodziwira ngati rimoti yafa kapena ngati vuto lili pa TV, ndipo ikhoza kukupulumutsirani ndalama yogulira ina.

Njira yogwiritsa ntchito kuwala kosaonekayi anthu sanaifikire tsiku limodzi. M'chaka cha 1950 kampani ya Zenith ya ku America inatulutsa rimoti yotchedwa Lazy Bones, imene inali yolumikizidwa ku TV ndi waya wautali, ndipo anthu ankapunthwa nawo wayawo pabalaza. Mu 1955 katswiri wa kampaniyo, Eugene Polley, anapanga ina yonga tochi younikira m'makona a TV, koma dzuwa likalowa pawindo TV inkasokonezeka. Mu 1956 Robert Adler anapanga ina yomenya timitengo ta aluminiyamu totulutsa phokoso limene khutu la munthu silimva, ndipo inalibe mabatire. Kuwala kwa infrared kunadzafala cha m'ma 1980. Kuno kwathu Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, choncho ife tinapeza rimoti yamtunduwu itakhazikika kale. Pamene dziko linasamukira ku kaulutsidwe ka digito, madikoda monga a Kiliye Kiliye analowa m'nyumba zambiri, ndipo n'chifukwa chake lero pathebulo pamakhala marimoti awiri. Chimene ndinatolapo pa mbiri imeneyi n'chakuti ngakhale akatswiri a makampani aakulu analakwitsa kangapo asanapeze njira yokhalitsa.

Tsono kuphethira kwa kababu kuja kuli ndi dongosolo lake, monga mmene kuliza ng'oma kulili ndi dongosolo limene limasiyanitsa uthenga wa maliro ndi wa chikondwerero. M'marimoti ambiri kababuko kamayaka ndi kuzima maulendo 38,000 pa sekondi imodzi, ndipo kachipangizo kolandira uthenga ka pa TV kanapangidwa kuti kazimvera liwiro limenelo lokha, kuti kuwala kwa dzuwa ndi kwa mababu a m'nyumba kusamakasokoneze. Uthenga weniweni umalembedwa ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1. M'chiyankhulo chofala kwambiri, chimene chinayambitsidwa ndi kampani ya NEC ya ku Japan, kababu kakawala n'kupuma pang'ono ndiye kuti kanena 0, ndipo kakawala n'kupuma nthawi yotalika katatu ndiye kuti kanena 1. Batani lililonse limatumiza zizindikiro 32 m'magulu anayi. Gulu loyamba limatchula chipangizo chimene akuchiyankhula, lachiwiri limabwereza zomwezo motembenuza, lachitatu limapereka lamulo, ndipo lachinayi limabwereza lamulolo motembenuza. Kubwerezako kuli ngati wogulitsa amene amawerenga ndalama kawiri: ngati kuwerenga kuwiriko sikukugwirizana, TV imataya uthengawo. Zonsezi zimatha nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Makampani ena ali ndi ziyankhulo zawo. Sony imagwiritsa ntchito maulendo 40,000, pamene chiyankhulo cha RC-5 cha Philips chimagwiritsa ntchito 36,000. N'chifukwa chake rimoti ya kwa aneba nthawi zambiri siyatsa TV yanu.

Titamvetsa zimenezi tinakumana ndi chopinga choyamba: wotchi yathu inalibe kababu ka infrared. Mawotchi ena akale anali nako. Casio inkapanga mawotchi oyatsira TV m'zaka za m'ma 1990, ndipo Samsung Gear 2 ya mu 2014 inalinso nako, koma mawotchi ambiri a masiku ano amangoyankhula kudzera pa Bluetooth ndi Wi-Fi. Zinali ngati anthu awiri akhala pa mphasa imodzi, wina akudziwa Chiyao chokha, wina Chitumbuka chokha. Panafunika womasulira.

Tinapeza njira zitatu. Yoyamba ndi ya TV zamakono zolumikizika ku intaneti, zimene zimalandira malamulo kudzera pa Wi-Fi ya m'nyumba. Umu ndi mmene Apple Watch imalamulirira Apple TV. Koma TV yathu ndi wamba, ndipo kunyumba kulibe Wi-Fi. Yachiwiri ndi yodzera pa foni, popeza mafoni ena a Xiaomi ndi Huawei ali ndi kababu ka infrared kumutu kwake. Wotchi ikanatumiza lamulo ku foni, foni n'kuunikira TV. Koma foniyo ikanayenera kukhala pathebulo tsiku lonse italoza ku TV, pamene mwini foni amayenda nayo. Tinasankha njira yachitatu, yopanga womasulira wathuwathu.

Womasulirayo ndi kabokosi kamene kali pathebulo apo. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa ESP32, kopangidwa ndi kampani ya Espressif ya ku Shanghai, kamene kanatuluka mu 2016. Ndi kakompyuta kochepa ngati chala chachikulu, kokhala ndi Bluetooth ndi Wi-Fi, ndipo kamayendera tchaja wamba ya foni. Tinalumikizako kababu ka infrared kamene tinachotsa m'rimoti yakufa, komanso kachipangizo kolandirira uthenga wa infrared. Ntchito yoyamba ya kabokosiko inali kumvetsera. Tinkalozetsa rimoti ya dikoda ku kolandirirako, n'kudina batani limodzi, ndipo nambala ya batanilo inkaoneka pa kompyuta. Mtsikana uja ankadina, ine n'kumalemba m'kope, batani ndi batani, rimoti zonse ziwiri. Madzulo awiri athunthu anathera pa kulemba manambala. Ntchitoyi inali yotopetsa, koma zonse zimene tinachita pambuyo pake zinatsamira pa kope limenelo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako tinalemba mapulogalamu awiri. Yoyamba ndi ya m'kabokosi, yolembedwa ndi chida chotchedwa Arduino. Imasunga manambala aja n'kumadikira uthenga wa Bluetooth. Ikalandira 1 imaunikira nambala yoyatsira, ikalandira 2 imaunikira yokwezera mawu, choncho mpaka mabatani onse. Yachiwiri ndi ya m'wotchi, yolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Kotlin pogwiritsa ntchito Android Studio. Ntchito yake ndi kujambula mabatani pagalasi la wotchi, kufunafuna kabokosi kaja, ndi kukatumizira nambala munthu akakhudza batani. Zida zolembera zonsezi n'zaulere, ngakhale kuti kuzikopera pa intaneti kumadya bandulo kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti ntchito ikatha sipafunikanso intaneti. Wotchi ndi kabokosi zimayankhulana zokha, ndipo palibe tambala imene imapita ku bandulo bambo akamaonera nkhani.

Zolakwika zinalipo zambiri. Poyamba kababu sikankawala konse, ndipo tinataya tsiku lonse tikukayikira pulogalamu, osadziwa kuti tinangokalumikiza motembenuza miyendo. Titakonza, TV inkamva pokhapokha kabokosi kakhale pafupi kwambiri, chifukwa mphamvu yotuluka pa mwendo wa ESP32 ndi yochepa. Tinawonjezerapo transistor, kachipangizo kamene kamalola mphamvu yochepa kutsegulira njira mphamvu yokulirapo, ndipo uthenga unayamba kufika kuchokera mbali ina ya balaza. Patatha masabata atatu, ine ndinakhudza wotchi pamkono panga ndipo TV inayaka. Tinakuwa ngati timu yathu yagoletsa chigoli.

Tsiku lotsatira tinapita nayo kwa mwini wake monyadira. Tinawamanga wotchi ku dzanja lamanzere, monga mmene aliyense amavalira wotchi. Bambo anaiyang'ana, anayang'ananso dzanja lawo lamanja lili gone pa ntchafu, n'kufunsa modekha kuti, "Nanga ndidina ndi chiyani?" Tinangoti kakasi. Masabata atatu onse tinali tikuyesera pa mkono wanga, wa munthu wa manja awiri amphamvu. Tinasamutsira wotchi ku dzanja lofooka lija kuti lamanzere lizidina. Vuto lachiwiri linaonekera pomwepo. Tinali titajambula mabatani 12 pa kagalasi kochepa, ndipo chala chawo chinkakhudza awiri nthawi imodzi. Mawu a pa mabataniwo anali a Chingerezi ndiponso ang'onoang'ono. Komanso wotchi zotere zimadzuka munthu akatukula mkono, chinthu chimene dzanja lawo lamanja silikanatha kuchita.

Mphindi zisanu zokhala ndi bambo zinationetsa zolakwa zimene masabata atatu a pa kompyuta sanationetse. Safunsa anadya phula. Tinakhala nawo pansi n'kuwafunsa funso limene tinayenera kuyamba nalo: "Bambo, kodi pa TV mumafuna kuchita chiyani kwenikweni?" Anatchula zinthu zinayi zokha. Lero pagalasi la wotchiyi pali mabatani anayi aakulu, olembedwa m'Chichewa: Yatsa, Nkhani, Kweza, Tsitsa. Batani la Nkhani limatumiza lokha manambala a tchanelo chimene amakonda. Poyamba linkatumiza mothamanga kwambiri moti dikoda inkangomva nambala yoyamba, ndiye tinaika kampata kakang'ono pakati pa manambalawo. Tinakonzanso kuti batani la m'mbali mwa wotchi lizitsegula pulogalamuyo, ndi kuti wotchi izinjenjemera pang'ono lamulo likatumizidwa, kuti adziwe kuti chala chawo chagunda.

Vuto limodzi silinathe, ndipo ndi bwino ndilinene. Uthenga wa infrared umayenda mbali imodzi yokha. Rimoti imalamula, koma TV siyankha kuti yamva. Komanso pa zipangizo zambiri nambala yoyatsira ndi yomweyonso yozimitsira. Choncho magetsi akazima n'kuyakanso, zimatheka kuti dikoda yayaka yokha pamene TV ili chizimire. Bambo akadina Yatsa, TV imayaka koma dikoda imazima. Wotchi ilibe njira yodziwira zimenezi. Tinangowonjezera tsamba lachiwiri lokhala ndi batani la TV palokha ndi la dikoda palokha, kuti munthu, amene ali ndi maso, akonze yekha. Pali zinthu zimene makina sangaone, ndipo wopanga wanzeru amasiyira munthu mpata woti aweruze.

Ndikuchenjezeninso pa zinthu ziwiri, kuti wina asachoke pano n'kukataya ndalama. Choyamba, mawotchi ambiri otchipa amene amagulitsidwa m'misika, ngakhale amaoneka ngati amakono, salola kuikamo pulogalamu yatsopano. Amangochita zimene anabwera nazo kuchokera ku fakitale. Wogulitsa akakuuzani kuti wotchi yake imachita chilichonse, mupempheni akuonetseni musanapereke ndalama. Chachiwiri, wotchi ngati iyi imafuna kutchajidwa pafupifupi tsiku lililonse, pamene mabatire awiri a rimoti amatha miyezi. M'nyumba yopanda magetsi kapena sola yodalirika, wotchi yotere ingakhale mtolo. Kwa mabanja ambiri chingwe chija mayi anamangira rimoti ndiyo nzeru yokwanira, ndipo sindichita manyazi kunena kuti pa vuto la kugwa kwa rimoti, mayi anatiposa tonse ophunzira.

Tsopano ndibwerere ku funso lija la mjigo ndi msewu. Wotchiyi siitunga madzi, ndipo sindinabwere kudzapempha kuti ndalama za chitukuko zigulire anthu mawotchi. Ndabwera nayo pa zifukwa ziwiri.

Chifukwa choyamba chikukhudza ife ogwira ntchito za chitukuko. Cholakwa chimene ine ndinachita pomanga wotchi ku dzanja lolakwika ndi chomwecho chimene chimachitika pamene chimbudzi cha pasukulu chimangidwa ndi masitepe amene mwana woyenda pa njinga ya olumala sangakwere, kapena pamene mjigo ukumbidwa pamalo amene amuna asankha osafunsa amayi amene amasenza ndowa. Zinthu zotere zimaoneka bwino pa pepala ndiponso tsiku lotsegulira, koma mwini wake akafika amafunsa funso la bambo anga lija: nanga ine ndigwiritsa ntchito bwanji? Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinakhazikitsa njira yoti zofuna zanu ziyambire ku VDC, zidzere ku ADC, zikalowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Njirayo ilipo, koma imanyamula mawu a okhawo amene afika pa msonkhano. Nkhalamba yodwala sitiroko, mayi wosaona, mnyamata wosamva, kawirikawiri sakhalapo pabwalo ngati lino.

Chifukwa chachiwiri chikukhudza ana athu. Mtsikana amene anapanga pulogalamuyi tsopano amadziwa kumvetsera chipangizo, kuwerenga uthenga wake, kuwotcherera mawaya ndi kufufuza cholakwika mpaka achipeze. Kachipangizo komweka ka ESP32, mukakalumikiza ku choyezera madzi, kakhoza kuzimitsa pampu ya sola thanki ikadzaza, kapena kuliza belu madzi a mumtsinje akafika pa mlingo woopsa. M'midzi mwathu mukulowa mapampu a sola, ma inverter, madikoda ndi mafoni, ndipo chimodzi chikawonongeka timadikira munthu wochokera m'tauni, kapena timangochitaya. Ndalama imene imapita ndi munthu wa m'tauniyo ikanatha kutsala m'wodi muno. Mwana amaphunzira luso lotere pa kanthu kakang'ono kamene kamusangalatsa, ndipo akakula nalo amaligwiritsa ntchito pa zinthu zazikulu.

Dziko lathu lili ndi umboni wa zimenezi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 anapeza buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya kwawo, ndipo anapanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi ziwalo za njinga. Anthu ena ankamuyesa wamisala. Chimene chinamuthandiza chinali chipinda chokhala ndi mabuku ndi banja limene linamulola kuyesa. Lero njira zilipo zambiri kuposa nthawi imeneyo. Kuli TEVETA, imene yakhala ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, kuli makoleji a luso a m'madera, kuli yunivesite ya MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, kuli MUBAS ku Blantyre, kulinso malo ngati mHub ku Lilongwe, amene anayambitsidwa ndi mayi Rachel Sibande. Koma mwana safika ku malo amenewa ngati chidwi chake chinaphedwa ali kunyumba.

Choncho ndili ndi mapempho atatu, ndipo palibe limene likufuna ndalama zambiri. Kwa a VDC, pamene mukulemba ndondomeko ya chitukuko ya mudzi, musathere pa anthu amene abwera pabwalo. Pitani m'nyumba za okalamba ndi za anzathu aulumali, mukawafunse chimene chimawavuta kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mutengeko wachinyamata mmodzi kapena awiri kuti azilemba, chifukwa ena mwa mavutowo ndi oti ana omwewo akhoza kuwapezera njira.

Kwa makolo, mwana akamamasula wailesi yakufa kapena rimoti yotayidwa, musafulumire kumukalipira kuti ndi wowononga. Mupatseni zakufazo aphunzirirepo, mtsikana chimodzimodzi mnyamata. Koma pakhale malire omveka: asakhudze chilichonse cholumikizidwa ku magetsi a pakhoma, ndipo asatsegule TV zakale zija zokhala ndi chimimba kumbuyo, chifukwa zimasunga mphamvu yoopsa ngakhale zitazulidwa ku magetsi. Zoyeserera zonse zikhale za mabatire kapena za tchaja ya foni.

Kwa Wolemekezeka Khansala, mafumu ndi aphunzitsi aakulu, tipezereni chipinda chimodzi chokhala ndi magetsi, kaya pasukulu, kaya pa TDC, kaya pa holo ya mpingo, choti achinyamata azikumanamo masana amodzi pa sabata ndi zipangizo zawo. Sindinabwere ndi lonjezo la ndalama, ndipo sindikufuna kuti mawa wina adzanene kuti khonsolo inalonjeza makompyuta. Chimene ndinganene n'chakuti pempho lolembedwa bwino, lochokera ku VDC n'kuvomerezedwa ndi ADC, limakhala ndi poimira likafika ku khonsolo, pamene dandaulo la pamsewu limathera pamsewu pomwepo. Ine ndi mwana wa achemwali anga tidzabwera ndi kope lathu la manambala lija, ndipo tidzaonetsa aliyense wofuna mmene tinachitira, kuphatikizapo zolakwa zathu. Mutu umodzi susenza denga.

Bambo anga masiku ano saitananso mdzukulu nthawi ya nkhani ikakwana. Dzanja limene ankaliona ngati lopanda ntchito ndi limene limanyamula wotchi, ndipo alendo akabwera amawaonetsa okha mmene imagwirira ntchito. Adzukulu amabwerabe pabalaza, koma tsopano amabwera kudzakhala ndi agogo awo, ndipo mkangano umene ulipo ndi wakuti mwini wotchi salola kuti tchanelo chisinthidwe mpira ukayamba nkhani zisanathe.

Tikatseka msonkhano uno, TV ili apoyo ikhala yoyaka kwa kanthawi. Ndikupempha makamaka agogo athu ndi anzathu aulumali kuti mukhale oyamba kudzaiyesa wotchiyi, ndipo mutiuze mosabisa chimene chikukuvutani, chifukwa ndi inu amene mungaone zimene ife sitinaone. Achinyamata mubwere pambuyo pawo, mumvetsere zimene anene, ndipo mulembe.